Themometa ya chakudya pa chiwaya changa ku Dedza

Kachipangizo kamene ndikufuna kukakamba ndi themometa yoyezera chakudya, yaing'ono ngati bolopeni, yokhala ndi kachitsulo kosongoka mbali ina ndi kagalasi koonetsa manambala mbali inayo. Ndinaigula ku Lilongwe m'sitolo ina ya ziwiya za kukhitchini, ndipo mtengo wake sunafike pa ndalama imene ndimagulira malita awiri a mafuta ophikira. Dzina la kampani silioneka paliponse. Papaketi pangolembedwa kuti inapangidwa ku China, ndiponso kuti imayeza kuyambira madigiri 50 pansi pa ziro mpaka madigiri 300. Ine ndili ndi chiwaya pa Dedza boma, kufupi ndi msewu wa M1, ndipo m'mamawa timakazinganso mandasi. Wondifunsa ngati agule, ndimamuuza kuti agule. Koma ndimamuuzanso kuti nambala imene adzaona asanathire mbatatesi m'mafuta si imene idzamuthandize kwambiri. Yofunika ndi yachiwiri, ija imaoneka mbatatesi zitalowa kale.

Kachitsuloko n'kotalika ngati masentimita 15. Kumutu kwake kuli batani loyatsira ndi kuzimitsira, lina losinthira pakati pa C ndi F (miyezo iwiri ya madigiri, Celsius ndi Fahrenheit), ndi lina lolembedwa HOLD, loimitsa nambala kuti muiwerenge bwino mutachotsa dzanja pamoto. Batire lake ndi kaja kozungulira kamene timakaona m'makalikuleta, kolembedwa LR44. Palinso kachikwama kapulasitiki kovekera kunsonga. Basi, palibenso china m'paketimo.

Ndisanaiviike m'mafuta ndinafuna kudziwa ngati imanena zoona, choncho ndinaiyesa m'madzi owira. Inakwera n'kuima pa 95. Mphwanga amene amandithandiza pachiwaya, yemwe ali Fomu 3, anapukusa mutu. "Malume, akuberani. Madzi amawira pa 100, zili m'buku." Bukulo silinama, koma 100 ameneyo ndi wa malo otsika, ofanana ndi pamwamba pa nyanja yamchere. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Kuno mpweya umene umapanikiza pamwamba pa madzi ndi wopepukirapo, motero nthunzi imathawa msanga ndipo madzi amawira asanafike pa 100. Mukakwera mamita pafupifupi 300 alionse, digiri imodzi imachoka. Ku Nsanje themometa yomweyi ingaonetse pafupi kwambiri ndi 100, ku Salima m'mbali mwa nyanja cha m'ma 98, ku Lilongwe 96 kapena 97. Anders Celsius wa ku Sweden, amene anakonza muyezo wa madigiriwu mu 1742, anali ataona kale kuti kuwira kwa madzi kumasintha malinga ndi kupanikiza kwa mpweya. Ndiye 95 ya ku Dedza inandipatsa chikhulupiriro, sinandikayikitse. Ndinaiyesanso m'kapu yodzaza ndi ayezi wophwanyaphwanya, wothiramo madzi pang'ono. Inatsika kufika pa 1, kenako pa ziro ndi kadontho. Kwa munthu wokazinga, kuphonya kwa digiri imodzi sikuononga kanthu.

Pa mphika wa madzi owira womwewo m'pamene pali phunziro limene ndimafuna aliyense wophika atadzionera ndi maso. Siyani themometa m'madzimo, onjezerani nkhuni, pemererani moto mpaka malawi azungulire mphika wonse. Madzi abwata mwaukali, chivundikiro chivina, koma nambala sisuntha. Ikhalabe pa 95. Mphamvu yonse ya moto woonjezerawo ikulowa ndithu m'mphika, koma ikuthera pa kusandutsa madzi kukhala nthunzi imene ikuuluka. Nyemba zili mkatimo sizikuona kusiyana kulikonse. Zimene zikubwata pang'onopang'ono pa makala ochepa ndi zimene zikubwata mwaukali pa moto wa nkhuni zambiri zili pa madigiri amodzimodzi, ndipo zipsa nthawi yofanana. Woonjezera motoyo amangotha nkhuni ndi kuphwetsa msuzi. N'chifukwa chakenso nyemba zimachedwa kupsa kuno kumapiri kusiyana ndi ku Chigwa cha Shire: madzi athu sangapose 95 ngakhale mutakoleza moto wotani.

Wasayansi wina wa ku Scotland, Joseph Black, ndi amene anafotokoza zimenezi momveka bwino m'zaka za m'ma 1760 akuphunzitsa ku Glasgow. Anaona kuti ayezi akamasungunuka amameza mphamvu yambiri ya moto popanda themometa kukwera, ndipo madzi akamawira amachita chimodzimodzi. Anaonanso kuti zinthu zosiyana, ngakhale zilemere mofanana, zimafuna moto wosiyana kuti zikwere ndi digiri imodzi. Kuyambira pamenepo anthu anasiyanitsa zinthu ziwiri. China ndi mlingo wa kutentha, umene themometa imaonetsa m'madigiri. China ndi kuchuluka kwa mphamvu ya kutentha imene yalowa kapena yatuluka m'chinthu, imene imawerengedwa m'ma joule, dzina lochokera kwa James Joule wa ku England. Tengani botolo ndi mgolo, muthiremo madzi mpaka afike msinkhu wofanana m'zonse ziwiri. Mutayeza ndi ndodo muona kuti afika pamodzimodzi, koma tungani kapu imodzi m'chilichonse: m'botolo madzi atsika kwambiri, mumgolo simuona n'komwe kuti mwatunga. Themometa ili ngati ndodoyo. Imakuuzani pamene madzi afika, osati kuchuluka kwa amene alimo.

Ife apachiwaya timazidziwa izi pakhungu pathu. Kakhala kofiira kakathetheka n'kugwera pamkono kamakhala ndi madigiri oposa 600, koma umangomva kuti tswii, n'kupukuta, ntchito n'kupitirira. N'kakang'ono kwambiri, mphamvu imene kanyamula ndi yochepa. Koma madzi a madigiri 80 okha, odzaza kapu, akakukhutukira pamwendo, matuza ake umakhala nawo masabata. Nthunzi ndiye imaposa zonse. Ili pa madigiri omwewo ndi madzi owira, koma ikagunda khungu imabwerera kukhala madzi, ndipo pobwererapo imatula pakhungu mphamvu yonse ija inameza potuluka m'mphika.

Tsopano ku mafuta, kumene ndinagulira kachipangizoka.

Kale lonse tinkayesa mafuta poponyamo kachidutswa kamodzi ka mbatatesi. Kakalira n'kuyandama msanga, mafuta apsa. Njira imeneyi sindikuinyoza ngakhale pang'ono. Nditayamba kuyeza ndinapeza kuti mnyamata wanga wamkulu, amene wakhala pachiwaya zaka zambiri, akanena kuti "abwana, apsa," themometa imaonetsa pakati pa 175 ndi 185 nthawi zambiri. Diso ndi khutu lake n'zodalirika. Chimene diso silingaone ndi chimene chimachitika beseni la mbatatesi likakhuthulidwa m'mafutamo. Thovu limakwera, phokoso limachuluka, nthunzi imadzaza nkhope, ndipo munthu amaganiza kuti apa ndiye patentha zedi. Pomwe themometa imagwa ukuona: 180, 160, 140, ndipo mphindi isanathe ili cha m'ma 120. M'mawa wa July, mbatatesi za ku Bembeke zitagona m'ndowa ya madzi ozizira, ndaionapo ikutsika kufika 110. Phokoso lonselo ndi la madzi a m'mbatatesi akuwira, ndipo akuwira ndi mphamvu imene akulanda m'mafuta.

Ndinakhala pansi ndi mphwanga, kope lake la Physics lili pambali, n'kuwerengera. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika ma kilojoule 4.2 (kilojoule imodzi ndi ma joule 1,000). Mafuta ophikira amafuna pafupifupi theka la pamenepo, ma kilojoule 2. N'chifukwa chake mafuta amatentha msanga pamoto, komanso n'chifukwa chomwecho amazizira msanga chinthu chozizira chikalowamo. Malita 5 a mafuta amalemera makilogalamu pafupifupi 4.6, kutanthauza kuti digiri iliyonse imene mukuona pa themometa ikuimira ma kilojoule 9 basi. Mbatatesi yaiwisi ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse. Kuti kilogalamu imodzi ichoke pa madigiri 15 a m'ndowa kufika pa 95 pamafunika ma kilojoule pafupifupi 280. Gawani ndi 9 uja, mupeza kuti mafuta ataya madigiri 30 pongofunditsa mbatatesi, kukazinga kusanayambe. Kenako pakubwera gawo lalikulu. Kusandutsa kilogalamu ya madzi kukhala nthunzi kumadya ma kilojoule pafupifupi 2,260. Tchipisi chabwino chimataya madzi ambiri, ndipo kotala ya kilogalamu yokha ikuposa ma kilojoule 560, amene ndi madigiri enanso 60 ngati moto wapansi sukubwezera.

Apo ndawerengera malita 5. Ambirife, pothawa mtengo wa mafuta, timathira malita awiri kapena atatu pakati pa chiwaya. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe wapachiwaya amene amathira mafuta mosaganiza kawiri. Koma malita 2 amasunga ma kilojoule osakwana 4 pa digiri iliyonse, ndiye kilogalamu yomweyo ya mbatatesi imagwetsa mafutawo ndi madigiri oposa 70 pongofunda pokha. Chiwaya cha malita 2 ndi cha malita 5 zonse zikhoza kuonetsa 180 pa themometa. Mutayang'ana nambala yokhayo munganene kuti n'zofanana. Sizofanana ayi, ndipo tchipisi chotuluka m'ziwayazo chimachitira umboni.

Mafuta akatsika kwambiri n'kuchedwa kubwerera, kunja kwa tchipisi sikuuma msanga. Chimakhalitsa m'mafuta, chimatuluka chotuwa, cholobodoka, ndipo mukachiika pa pepala chimasiya dziwe. Kasitomala amachitcha tchipisi chomwa mafuta. Kwa ine mwini chiwaya, mafuta amene chamwawo ndi ndalama zanga zimene zikupita m'jumbo ya kasitomala iye osazifuna n'komwe. Kuchepetsa mafuta m'chiwaya pofuna kusunga kumathera pa kugula mafuta pafupipafupi.

Njira imene anyamata ambiri amatsata pothana ndi vutoli ndi kudikira mpaka mafuta atayamba kufuka utsi, kuti mbatatesi zikalowa asatsike kwambiri. Ndinayeza pa nthawi yotero ndipo themometa inadutsa 220. Apa mpamene ndimaumirira kuti anthu amvetse kusiyana kwa zinthu ziwiri zija. Kukweza malita 3 a mafuta ndi madigiri 40 kumangowonjezera ma kilojoule pafupifupi 220, osakwanira ngakhale kufunditsa kilogalamu imodzi ya mbatatesi. Phindu lake ndi lochepa chotero, koma kuononga kwake n'kwakukulu. Mafuta oyengedwa a mpendadzuwa kapena a soya amayamba kufuka cha m'ma 230 akadali atsopano, ndipo akagwiritsidwa ntchito kangapo amafuka pa madigiri otsikirapo. Akafika pofuka ndiye kuti akuonongeka: amada, amachita thovu, amanata m'mbali mwa chiwaya, ndipo fungo lake limakanda kukhosi. Mafuta amene akanagwira ntchito mawa amathera lero. Palinso za thanzi. Mu 2002 asayansi a ku Sweden anapeza kuti zakudya zokhala ndi sitachi ngati mbatatesi zikakazingidwa pa moto waukulu mpaka kuderako zimapanga mankhwala otchedwa acrylamide, amene akuwakayikira kuti angayambitse khansa. Mayiko a European Union anaika lamulo mu 2017 lolangiza okazinga tchipisi kuti mafuta asapose madigiri 175. Ine ndimayesetsa kuthira mbatatesi mafuta ali pakati pa 170 ndi 175, ndipo ndimachotsa tchipisi chikafika mtundu wa golide, chisanayambe kuda.

Zimene tinasintha pachiwaya chifukwa cha nambala yachiwiri ija si zambiri. Mbatatesi zimatuluka m'ndowa nthawi ikadalipo, n'kukhala pa sefa, kenako timazipukuta ndi nsalu yoyera. Dontho lililonse la madzi limene latsala kunja kwa mbatatesi limafuna mphamvu yochokera m'mafuta kuti liphwe, ndipo silipatsa tchipisi kukoma kulikonse. Beseni limene tinkakhuthula kamodzi tsopano timaligawa pawiri. Anyamata poyamba ankadandaula kuti mzere wa makasitomala utalika, makamaka basi ya ku Blantyre ikaima, koma magawo awiri ang'onoang'ono amapsa m'nthawi yosasiyana kwenikweni ndi ya gawo limodzi lalikulu, popeza mafuta sagwa pansi kwambiri ndipo amabwerera msanga. Moto timausonkhezera pa nthawi yothira mbatatesi, osati nthawi yodikira. Kale tinkachita mosemphana: moto waukulu chiwaya chili chopanda kanthu, kenako mbatatesi zikalowa aliyense n'kutanganidwa ndi kutakasa, nkhuni zikunyeka n'kutha. Ndinaikanso lata kumbali kumene kumachokera mphepo, chifukwa mphepo ya June ndi July kuno imakankha malawi kuwachotsa pansi pa chiwaya.

Chinthu china chimene sindinkachiganizira ndi chitsulo cha chiwayacho. Ndili ndi ziwaya ziwiri, china cha lata lopyapyala, china chochindikala chimene anandiwotcherera amisiri a zitsulo. Pothira mafuta ofanana ndi mbatatesi zofanana, chochindikalacho chimatsika pang'ono ndipo chimabwerera msanga. Chitsulo chimasunga mphamvu yochepa pa kilogalamu iliyonse, osakwana theka la kilojoule pa digiri, koma chikalemera makilogalamu 10 chimakhala ngati mwawonjezera malita awiri ndi theka a mafuta, ndipo amenewa ndi mafuta oti sapsa, samwedwa ndi tchipisi, sagulidwanso. M'mawa chimachedwa kutentha, zoona, chimadya nkhuni zoyambira zambiri. Koma tsiku lonse chimagwira ntchito mokhazikika. Wofuna kuyamba bizinesi ya chiwaya asathamangire chopepuka chifukwa chotchipa.

Pa mandasi themometayi yatithandiza mwa njira ina. Vuto la mandasi si kugwa kwa mafuta kokha, komanso kupsa kunja mkati muli mwauwisi. Mphamvu ya kutentha imayenda pang'onopang'ono kuchoka pakhungu la mandasi kulowa pakati, ndipo kukweza madigiri a mafuta sikuifulumizitsa mokwanira, kumangodetsa kunja. Mlongo wanga amene amakanda ndi kukazinga mandasiwo amasunga mafuta cha m'ma 170, ndipo nthawi zina amabaya mandasi amodzi ongotuluka kumene kuti aone pakati. Akapsa bwino pakatipo pamaonetsa 90 ndi kupitirira pang'ono. Sipangafike 170 ngakhale mandasiwo anali m'mafuta a 170, chifukwa malinga ngati mkati muli chinyezi, madigiri sangadutse pamene madzi amawira. Tsiku limene anaona zimenezi anandiitana. "Achimwene, tabwerani mudzaone, mafuta ali 172 koma mkati muli 92." Kuyambira apo sakwezanso moto akafuna kufulumira. Amachepetsa kukula kwa mandasi kapena amangodikira.

Nyama ya nkhuku ndiye ndimaiyeza nthawi zonse, makamaka ntchafu zimene zinali mufiriji. Kunja zimatha kufiira bwino koma pafupi ndi fupa pakadali magazi. Pakati penipeni payenera kufika madigiri 75 kuti tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba tife. Bayani pamene pali mnofu wochindikala, nsonga isakhudze fupa. Mukabaya nyama yosapsa, tsukani kachitsuloko ndi sopo ndi madzi otentha musanabayenso chakudya china.

Zofooka zake zilipo, ndipo zina zimandivutitsa tsiku ndi tsiku. Chachikulu ndi kufupika. Masentimita 15 ndi okwanira pa mphika wa kunyumba, koma pa chiwaya chachikulu, kuti nsonga ifike pakati pamene pali mafuta, dzanja limakhala pamwamba penipeni pa nthunzi. Imachedwanso kukhazikika. Mukaiviika imathamanga poyamba, kenako imakwera pang'onopang'ono, ndipo muyenera kudikira masekondi khumi ndi asanu kapena makumi awiri kuti muone nambala yeniyeni. Masekondi amenewo ndi ambiri dzanja lili pa nthunzi ya mbatatesi. Ilibe kogwirira m'mphepete mwa chiwaya, ndipo simungaisiye m'mafuta chifukwa mutu wake ndi wapulasitiki. Kagalasi kake sikawala, choncho pa mandasi a mbandakucha mlongo wanga amaunikira ndi tochi ya foni. Imadzizimitsa yokha pakapita mphindi zingapo, zimene zimasunga batire koma zimakwiyitsa ukaitola manja ali ndi mafuta n'kupeza yazima. Madzi sagwirizana nayo: nthunzi ikalowa kumutu manambala amazilala mpaka iume, motero musaiviike yonse m'beseni lotsukira mbale. Pukutani kachitsulo kokha.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakusokonezeni ngakhale themometayo ili bwinobwino. Nsonga ikakhudza pansi pa chiwaya nambala imalumpha, chifukwa chitsulo chimene chili pamalawi chimatentha kuposa mafuta. Igwireni ili pakatikati, ndipo takasani mafuta kaye kuti a m'mbali ndi a pakati asakanikirane. Chachiwiri ndi batani la C ndi F, limene lili pafupi kwambiri ndi loyatsira. Mukalidina mosadziwa muona 350 n'kudzidzimuka, pomwe 350 wa Fahrenheit ndi madigiri 177 a Celsius, mlingo wabwinobwino wokazingira. Choopsa ndi mbali inayo. Amene amaonera mavidiyo a zophika a ku America pa YouTube amamva akunena 350 kapena 375. Amenewo ndi a Fahrenheit. Mafuta ophikira sangafike 350 wa Celsius asanafuke kwambiri n'kuyandikira kugwira moto.

Ponena za moto, mafuta akayaka musathire madzi. Madzi amamira pansi pa mafuta, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo lita imodzi ya madzi imatupa kufika malita pafupifupi 1,700 a nthunzi. Nthunziyo imaponya mafuta oyaka kumaso, padenga ndi kwa makasitomala. Vundikirani ndi lata kapena chivundikiro chachikulu, chotsani nkhuni pansi, ndipo musatsegule mpaka zizizire. Ine lata lovundikira limakhala pafupi ndi chiwaya nthawi zonse, ndipo mnyamata aliyense watsopano ndimamuonetsa tsiku loyamba.

Anzanga ena andifunsa ngati angagwiritse ntchito mathemometa amene ali nawo kale. Ija yonga mfuti imene tinkalozedwa pamphumi polowa m'mabanki ndi m'masitolo nthawi ya Covid-19 mu 2020 inapangidwira thupi la munthu, ndipo imalekeza cha m'ma 42 kapena 43. Pa mafuta singakuuzeni kanthu. Ya galasi ya kuchipatala ndiye musayese n'komwe, iphulika, ndipo ngati ili ndi mercury mwaononga mafuta onse ndi chiwaya chomwe. Zilipo zonga mfuti zopangidwira kukhitchini ndi ku magalaja, zimene zimafika madigiri mazana angapo. Mnzanga wina wa pa Lizulu ali nayo ndipo ndinaibwerekapo. Ubwino wake ndi woti dzanja limakhala kutali ndipo nambala imabwera pompopompo. Koma imawerenga pamwamba pokha. Mbatatesi zikalowa, pamwamba pamakhala thovu ndi nthunzi, ndiye nambala imavinavina pa nthawi yomwe ine ndikuifunitsitsa. Singaonenso pakati pa mandasi kapena pa ntchafu ya nkhuku, ndipo ikalozedwa pa chitsulo chonyezimira imaonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni. Pa ntchito yanga yobaya ija ikuposa.

Wophika nsima ndi ndiwo za pakhomo sakufunikira kachipangizoka. Amene angapindule nako ndi okazinga zogulitsa: tchipisi, mandasi, zitumbuwa, samusa, nsomba, nkhuku. Ophika masikono ndi buledi m'uvuni wa njerwa angakagwiritsenso ntchito pobaya pakati pa buledi. Simudzafunika kuyeza gawo lililonse mpaka kalekale. Pakapita masabata angapo mukuyeza musanathire ndi mutathira, mumadziwa kuchuluka kwa mbatatesi kumene chiwaya chanu chingalandire osatsika pansi pa 140, ndipo mumasankha mbale yoyezera yolingana ndi pamenepo. Kwathu tsopano mbale imeneyo ndi imene imalamula, themometa imatuluka m'mawa, komanso tikasintha mafuta, nkhuni zikakhala zonyowa, kapena kukabwera mnyamata watsopano wofunika kuphunzira.

Pogula, pemphani wogulitsa aiyatse muli pomwepo. Onani kuti manambala onse akuoneka athunthu, kenako finyani nsonga ndi zala ziwiri: iyenera kukwera kudutsa 30 mosadumphadumpha. Werengani papaketi kuti ikufika 300, chifukwa zina zofanana nayo maonekedwe zimalekeza pa 150 kapena 200, zopangidwira mkaka ndi nyama basi. Gulirani limodzi mabatire a LR44 apadera, popeza kuno ku Dedza sapezeka m'golosale iliyonse, ndipo batire likayamba kutha manambala amazilala pang'onopang'ono. Ngati mungapeze yotalika masentimita 25 kapena 30, yokhala ndi kopanira m'mphepete mwa chiwaya, onjezerani ndalama mutenge imeneyo. Ndi imene ndikufunafuna ulendo wotsatira wa ku Lilongwe, ndipo yaifupiyi idzatsala kwa mlongo wanga ku mandasi ndi ku nkhuku.